Zidzatha, Galu Wathu wa ku Nkhudzi

Kagalu kanuko mwakanyamula kuyambira m'mawa, kaikeni pansi kapume, si chidole. Ndipo khalani apa, ana inu, ndikuuzeni za galu woyamba amene ine ndi agogo anu aamuna tinaweta. Musawaone akhala phee pampando apowo ngati akugona. Akumva zonse, ndipo ndikaphonya pena muwamva akutsokomola.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kumene nthawi yachisanu timafunda mabulangete awiri. Titangokwatirana, boma linatumiza agogo anu kukaphunzitsa kusukulu ina pafupi ndi Nkhudzi, kunyanja. Masiku amenewo boma likati pita, unkangomanga katundu. Wathu anali wochepa: thiranki yachitsulo, mkeka, mapoto awiri, simbi yamakala, ndi njinga imene anaimangirira pamwamba pa basi. Ulendo umene inu mumayenda m'mawa n'kukadya nkhomaliro komweko, ife tinayenda masiku awiri, fumbi lili m'mano.

Nyumba za aphunzitsi tinapeza zadzaza, ndiye tinapatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa mpanda wa Abiti Saidi. Musaseke dzinalo. Abiti ndi mmene Ayao amaitanira mkazi mwaulemu, kutanthauza mwana wamkazi wa uje. Anali mayi wamkulu, wa msinkhu wa amayi anga, wamfupi koma wa mawu omveka tsidya lina. Amuna awo, Che Jafali, anali msodzi, ndipo mayiwo ankayanika usipa pamathandala kuseri kwa nyumba. Anali Asilamu, monga anthu ambiri a m'mudzimo.

Tinafika mwezi wa Okutobala. Inu kutentha simukudziwa. Ukamayanika zovala, usanamalize kuyanika chomaliza, choyamba chauma kale. Mchenga unkawotcha mapazi ngati phulusa lamoto. Udzudzu, usanene. Choposa zonse, ndinalibe wolankhula naye. Amayi a kuchitsime ankacheza m'Chiyao, ine ndili duu ndi ndowa yanga, osamva ngakhale liwu limodzi. Agogo anu akapita kusukulu ndinkatseka chitseko n'kulira. Akabwera n'kuona maso anga ofiira, ankangoti, "Zidzatha izi, aNangozo." Ndikadandaula za kutentha, zidzatha. Za udzudzu, zidzatha. Mpaka mawuwo anayamba kundinyansa.

Loweruka lina anapalasa njinga kupita ku Monkey Bay kukagula palafini ndi sopo. Pobwera ndinaona pakaliyala pali katoni ya choko, yomangidwa ndi mphira, ili ndi mabowo m'mbali. Ndinaganiza kuti andigulira nkhuku. Anaiika pakhonde n'kundiuza kuti nditsegule ndekha. Nditatsegula, mkatimo munali kagalu kofiirira, mimba ngati chikho, khutu limodzi laima, lina lagwa. Kanandiyang'ana, n'kuyetsemula, n'kugwa chagada. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Agogo anu amati aka kanali koyamba kundimva ndikuseka chifikire ku Mangochi. Anakapeza kwa wapolisi wina wa kwathu amene galu wake anaswa ana asanu.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba yathu inasanduka ina. Ndinkadzuka m'mamawa kukaphikira phala la mgaiwa, n'kuliziziritsa ndi chala ngati la mwana wakhanda. Mbale yake inali chitini chakale cha mkaka. Inu mukuti galu wanu akufuna chakudya cha m'sitolo cholembedwa chithunzi pathumba. Wathu anakulira phala, mitu ya usipa ndi mikute, ndipo anali wonenepa kuposa ameneyu. Loweruka lililonse tinkamusambitsa m'beseni ndi sopo wochapira, agogo anu atamugwira, ine ndikukhula. Pomaliza wonyowa kwambiri ankakhala mphunzitsi, osati galu. Nkhupakupa ndinkazichotsa ndi zala m'makutu, n'kuziponya pamakala a m'simbi. Tinamuyalira chiguduli pakhonde, koma iye ankakonda kugona atatsamira nsapato ya agogo anu.

Anali wowononga, ndisakunamizeni. Agogo anu anali ndi tayi imodzi yokha, yabuluu, ndipo nthawi imeneyo mphunzitsi sankalowa m'kalasi wopanda tayi, kaya kutenthe bwanji. Tsiku lina tinaipeza pansi pa bedi itatafunidwa kunsonga. Ndinadula podyedwapo n'kusoka, tayi n'kufupika, ikulekeza pamwamba pa mchombo. Anavala choncho chaka chonse, jekete atamanga mabatani kuti anthu asaone. Mwamva kutsokomolako? Akufuna kunena kuti inali miyezi isanu ndi umodzi yokha. Chabwino, abambo, miyezi isanu ndi umodzi.

Za dzina tinakangana sabata yathunthu. Iwo ankafuna dzina lachingerezi la m'buku la ana a sukulu. Ine ndinakana, ndinati kwathu dzina la galu limalankhula. Munthu akakhala ndi mawu amene sangathe kuuza mnansi wake pamaso, amawapatsa galu, n'kumaitana mokweza kuti Mumandida kapena Nenanizanu, mwini nkhani akumva. Koma ife tinalibe mdani woti timunyogodole. Ndiye tsiku lina kagalu kanakodza pamkeka wanga watsopano, ine n'kuyamba kudandaula. Agogo anu, monga mwa chizolowezi, anati zidzatha. Kagalu kanatembenuka, n'kugwedeza mchira, n'kuthamangira kwa iwo. Anabwereza, kanabweranso. Tinaseka tonse, dzina n'kukhala lomwelo.

Amene sanaseke anali Abiti Saidi. Tsiku loyamba lomwe anandiitana kumpanda n'kundifotokozera m'Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao kuti kwa iwo malovu a galu ndi najisi, kutanthauza chodetsa. Galu akanyambita chiwiya, chimayenera kutsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Anati sakutiletsa kuweta, koma galu asadutse mpanda, asayandikire birika, ketulo ya madzi imene amasambira popita kukaswali, ndiko kupemphera kwawo, ndiponso asafike kumathandala. Ndinagwada n'kuvomera zonse. Vuto linali lakuti Zidzatha sanavomere nawo.

Sipanathe milungu iwiri, anapeza bowo pansi pa mpanda n'kukanyambita poto wawo wa ndiwo. Ndinatsuka potoyo kunyanja ndi mchenga, mayiwo ataima pambali manja ali m'chiuno. Kenaka anatulukira thandala lina lalifupi limene mwendo wake unali utapendama. Usipa wongoyanikidwa kumene, wonyezimira, ali yekha. Tinkangomva mawu a Abiti Saidi akung'amba mudzi wonse, ndipo posakhalitsa galu ankatulukira pabowo paja, pakamwa pali mbuu, michira ya nsomba ikulendewera. Agogo anu ankatseka bowo ndi minga, iye n'kukumba lina. Moni wanga wa m'mawa mayiwo anayamba kuyankha ndi mphuno yokha.

Komabe nyengo imeneyo ndimaikumbuka ngati yokoma kwambiri pa moyo wanga. Mvula itagwa ndinalima kadimba ka chimanga ndi maungu kuseri kwa nyumba. Anyani a m'phiri la kumeneko ndi akuba opanda manyazi, amathyola chimanga ukuwayang'ana. Zidzatha, atakula pang'ono miyendo itatalika, ankawathamangitsa mpaka m'miyala, n'kubwerera akudzimva ngati msilikali, khutu logwa lija likupepeluka. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkapita naye kumchenga. Ankauwa mafunde, mafunde akabwerera iye n'kuwathamangitsa, akabweranso n'kuthawa. Agogo anu, munthu wamkulu wophunzitsa ana a anthu, ankapinda thalauza n'kumathamanga naye limodzi.

Ndi iyenso anandipezera anzanga. Ndikapita kuchigayo kapena kuchitsime ankanditsatira, ine ndikulankhula naye njira yonse ngati munthu. Amayi aja anayamba kundiseka, n'kumaloza, akuti mbwa, mbwa, ndiye ndinadziwa kuti limenelo ndi galu m'Chiyao. Liwu langa loyamba linali limenelo. Posekana pomwepo anayamba kundiphunzitsa ena, ndipo pofika nthawi ya mwera, mphepo yozizira ija imene imavundula nyanja, ndinali nditayamba kupereka moni ndekha.

Tsopano ndikuuzeni za nthawi imene tinkakhalamo, chifukwa inu munabadwira pamene munthu amatukwana boma pawailesi n'kukagona kwawo. Kale chipani chinali chimodzi, ndipo mkulu wa dziko ankatchedwa wamuyaya. Popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Achinyamata ovala malaya ofiira ankaima pazipata. Munthu ankatha kutengedwa ndi galimoto chifukwa cha liwu limodzi limene walankhula pamowa, abale ake osadziwa kumene ali. Tinkadziwa zonsezi. Koma za dzina la galu wathu sitinaganizepo n'kamodzi komwe.

Mwezi wa Ogasiti kunalengezedwa kuti kubwera mkulu wina wa chipani wochokera kuboma ku Mangochi, adzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Aliyense anayenera kupita. Amayi tinavala nsalu za chipani, tinavina mpaka fumbi koboo. Zidzatha ndinamusiya nditamumangirira pamtengo wa mango ndi chingwe cha mlaza. Bwana uja anaima patebulo, pambali pake ataunjika mphatso: mazira, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi lichero la chambo chowamba. Analankhula nthawi yaitali. Kenaka anakweza mawu, nati ulamuliro umenewu ndi zabwino zake zonse zidzakhala mpaka muyaya. Anaima kaye kuti apume, anthu tisanayambe kuomba m'manja.

Pa kamphindi kameneko ndinaona chinthu chofiirira chikudutsa pakati pa bwalo, kachingwe koduka kakukokeka pakhosi, chikulunjika palichero la chambo. Sindinaganize. Ndinangoimirira n'kufuula ndi mawu anga onse: "Zidzatha! Zidzatha iwe!"

Ana inu, bata limene linagwa pabwalopo sindinalimvenso kwina kulikonse. Ngakhale makanda analeka kulira. Galu anabwera kwa ine akugwedeza mchira, ine n'kumugwira m'khosi, ndipo m'pamene mawu anga anandibwerera m'makutu. Ndinayang'ana agogo anu kumene anakhala ndi aphunzitsi anzawo. Nkhope yawo inali yotuwa ngati choko. Bwana uja anandiyang'ana kwa nthawi, n'kunong'oneza kanthu tcheyamani wa m'mudzimo, kenaka anapitiriza zolankhula zake.

Madzulo omwewo tcheyamani anatitumizira mawu kuti Lachisanu m'mawa tikaonekere pamlambe pamene akuluakulu a chipani ankakumana. Anali masiku atatu aatali. Aphunzitsi anzawo anasiya kukhala ndi agogo anu pamthunzi umodzi. Amayi a kuchitsime ankayang'ana pansi ndikafika. Mphunzitsi mnzawo mmodzi anawalangiza mobisa kuti aphe galuyo, akaonetse kuti alapa. Lachitatu masana agogo anu anamutenga pachingwe kulowera kuphiri, nkhwangwa ili paphewa. Ine ndinakhala pakhonde, osadya. Patapita nthawi ndinawaona akubwerera, galu akudumphadumpha patsogolo, iwo atasenza mtolo wa nkhuni. Anauponya pansi n'kunena kuti galu sanadzitche yekha dzina. Tsiku lotsatira anandionetsa pamene amasunga satifiketi yawo, n'kundilongosolera mabasi okwera ngati nditabwerera ndekha ku Ntcheu. Ndinawauza kuti asiye, koma anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza.

Lachisanu tinapita, iwo atavala jekete ndi tayi yaifupi ija, akukankha njinga, ine ndikukoka galu chifukwa anati tibwere naye. Pamlambe panali anthu ambiri. Panali tcheyamani, achinyamata a malaya ofiira, ndi munthu wina wochokera kuboma atagwira kabuku ndi cholembera. Ameneyo ndiye ankafunsa. Anayamba mofatsa, kufunsa mayina athu ndi kwathu. Kenaka anati, "Aphunzitsi, ndinu munthu wophunzira. Tatiuzani, n'chiyani chimene chidzathe?"

 Agogo anu anafuna kunena zoona. Anayamba kuti, "Bwana, mkazi wangayu titangofika kuno ankavutika..."

"Ankavutika? M'dziko muno muli mavuto?"

Cholembera chinayamba kuyenda pakabuku.  

Pamenepo kumbuyo, kumene kunakhala amayi, kunamveka mawu amene mudzi wonse unkawadziwa. Abiti Saidi anaimirira, n'kukonza mpango kumutu, n'kubwera kutsogolo osaitanidwa. Anadutsa patali ndi galu kuti asawakhudze. Anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Bwana, mwanayu ankavutika ndi ine, ndi pakamwa pangapa. Aphunzitsi akuchita manyazi kunena kuti akuweta mbala. Mbwa iyi chifikire, m'mawa uliwonse ine ndimalira kuti nsomba zanga zidzatha, nsomba zanga zidzatha. Funsani aliyense pano ngati sanandimvepo."

Anatembenukira kwa amayi n'kuwafunsa m'Chiyao. Mmodzi anayamba kuseka atatseka pakamwa ndi nsalu, wina n'kutsatira, kenaka onse anavomera kuti n'zoona, amawamva tsiku ndi tsiku mpaka kumzikiti. Mayiwo sanalekere pomwepo. Anafotokoza za poto, za mabowo a mpanda, za thandala lopendama, akuonetsa ndi manja mmene galu amathawira nsomba zili kukamwa. Anamaliza ndi kupempha bwanayo kuti ngati galimoto yabwera kudzatenga munthu, itenge galuyo, iwo apumule. Tcheyamani analephera kudzigwira. Ngakhale achinyamata aja anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Che Jafali, amene sankalankhula pagulu, atafunsidwa anangoti mkazi wawo sanayambe wanamizirapo galu.

Munthu wa kabuku uja anayang'ana Zidzatha, amene nthawi yonseyi anali atakhala pansi akudzikanda khutu. Anatseka kabuku. Anatidzudzula kwa nthawi yaitali za ulemu pamisonkhano, n'kulamula kuti galu azimangidwa ndi unyolo, tipereke nkhuku yopepesera, ndipo dzina lisinthidwe tsiku lomwelo. Tcheyamani anasankha yekha kuti akhale Tithokoze. Tinavomera ndi manja awiri. Galu yekha ndiye sanalimve dzinalo mpaka ukalamba wake. Zaka zonse zimene anakhala nafe tinkamuitana ndi mluzu, ndipo ndinaphunzira kuimba mluzu ngati mwamuna, apongozi anga mpaka kudabwa.

Pobwerera ndinathamangira Abiti Saidi, amene anali atatsogola kale, akuyenda mofulumira ngati palibe chachitika. Agogo anu ankabwera pambuyo pathu ndi njinga, galu atamumangirira kukaliyala. Nditawapeza mayiwo ndinagwada pamchenga wotentha uja n'kuwagwira mwendo.  Ndinangokwanitsa kunena kuti, "Amayi, mwanama chifukwa cha ife."

Anandidzutsa ndi dzanja limodzi. "Ndanama chiyani? Nsomba zanga sizikutha? Ine sindinanene kuti dzina ndinatcha ndine. Iwo amva okha zimene amva."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anadziikira pamoto chotero, pamene galu wathu anawasautsa pafupifupi chaka chathunthu. Anandiyang'ana kuyambira kumaso mpaka m'chiuno, n'kupukusa mutu ngati akuona chitsiru.

"Mbwa yanuyo ndilibe nayo ntchito. Koma mwana ali m'njirayo abadwe atate ake ali pakhomo. Kapena mumayesa sindikuona? Ndabereka asanu ndi atatu ine."

Ndinali ndisanauze munthu aliyense. Inenso ndinali ndikungokayikira, ndikudikira kuti mwezi wina udutse. Kumbuyo kwathu tinamva chiphokoso, belu likulira lokha. Titacheuka, njinga inali pansi, gudumu likuzungulira, galu akuuwa, agogo anu ataima manja ali m'mwamba ngati awaloza mfuti, akundiyang'ana.

"ANangozo, n'zoona?"

Ndinavomera ndi mutu. Munthu amene anangopulumuka kumene kundende anakhala pansi pakati pa njira, ndi jekete lake lomwe, n'kuyamba kuseka misozi ikutsika. Abiti Saidi anawauza kuti adzuke, akuchititsa manyazi sukulu, ndipo akakonze thandala lija lisanalowe dzuwa. Analikonza tsiku lomwelo, n'kulikweza mpaka m'chifuwa.

Mwanayo anabadwa mvula ili pafupi kutha, m'kanyumba komweko, ndipo amene anamulandira m'manja, n'kumusambitsa koyamba, anali Abiti Saidi. Mwanayo ndi bambo anuwa amene akukuitanani panjapo kuti mukasambe m'manja. Nyamukani, musawadikiritse.